Fury ndi Joshua: Sikelo ndi Tepi Sizinena Wopambana

Kwa zaka zambiri okonda nkhonya akhala akukangana za akatswiri awiri a ku Britain, Tyson Fury ndi Anthony Joshua. Mu 2021 zinatsala pang'ono kuti akumane, koma zinalephereka pamene woweruza mikangano ku America analamula kuti Fury amenyane kaye ndi Deontay Wilder kachitatu. Nanga atalowa m'bwalo limodzi, angapambane ndani? Sayansi ya thupi ili ndi zonena, ndipo siyambira pamene ambiri amayambira.

Ambiri amathamangira manambala. Fury ndi wamtali masentimita 206, ndipo akatambasula manja amafika 216. Joshua ndi wa masentimita 198, manja ake 208. Koma Oleksandr Usyk wa ku Ukraine, wa masentimita 191 okha, anawagonjetsa onsewa, aliyense kawiri. Ku Riyadh mu Meyi 2024 Fury analemera makilogalamu pafupifupi 119, Usyk 101. Pobwereza mu Disembala Fury anabwera wolemera kuposa poyamba, koma majaji onse atatu anapatsa Usyk mapointi 116 kwa 112.

Thupi lalikulu limadya mpweya

Nkhonya zikuluzikulu zimakhala za maraundi 12 a mphindi zitatu, ndipo pakati pake amapuma mphindi imodzi. Munthu akamaponya zibakera motsatizana, minofu imagwiritsa ntchito mphamvu yosungidwa imene imatha m'masekondi ochepa. Kuti ibwerere, mtima ndi mapapo ziyenera kutumiza mpweya wa okosijeni mofulumira. Minofu ikachuluka, mpweya wofunika umachulukanso, koma mphindi yopuma ndi yomweyo kwa onse.

Kutopa sikubisika. Pofika raundi 8 manja amene anali pamasaya amatsikira pachifuwa, kukamwa kuli yasa, mapazi amakwakwaza pansi, ndipo munthu amangofuna kukolekera mnzake kuti apumeko. Joshua atagonja kwa Andy Ruiz Jr ku New York mu Juni 2019, anachotsa makilogalamu pafupifupi asanu. Pobwereza ku Saudi Arabia anayendayenda maraundi onse 12 n'kupambana, pamene Ruiz, yemwe anabwera atanenepa, ankangomulondola osamupeza.

Chimachitika n'chiyani munthu akagwa?

Kulemera kuli ndi phindu lake. Mu 2005 akatswiri a ku Wayne State University ku America anauza ankhonya a mpikisano wa Olympics kuti azimenya chidole choyezera ngozi za galimoto. Anapeza kuti chibakera chawo chinkafika mphamvu yofanana ndi kulemera kwa makilogalamu pafupifupi 350, ndipo olemera kwambiri ndiwo ankamenya mwamphamvu koposa. N'chifukwa chake m'gulu la heavyweight chibakera chimodzi chimafafaniza mapointi onse amene munthu watolera.

Ubongo ndi wofewa ndipo umakhala m'madzi mkati mwa chigaza. Chimene chimaugwedeza kwambiri ndi kupotoka kwadzidzidzi kwa mutu. Chibakera chikatera pachibwano, mutu umazungulira mosavuta, monga sipanala yaitali imamasulira nati yolimba. Chigaza chimatembenuka, ubongo n'kutsalira pang'ono, ndipo timitsempha take timakokeka. Mbali ya kumunsi kwa ubongo, imene imachititsa kuti munthu akhale maso, imasokonezeka, miyendo n'kuzizira. Chibakera chimene munthu sanachione ndicho choopsa, chifukwa minofu ya khosi imakhala isanakungike.

Apa mbiri ya Fury ndi Joshua ikusiyana. Wilder anagwetsa Fury kanayi pa nkhonya zawo zitatu, ndipo Francis Ngannou anamugwetsanso mu 2023, koma ulendo uliwonse ankadzuka. Joshua naye anadzuka Wladimir Klitschko atamugwetsa ku Wembley mu 2017, mpaka anapambana mu raundi 11. Koma Ruiz anamuthera mu raundi 7, ndipo Daniel Dubois anamugoneka mu raundi 5 mu Sepitembala 2024.

Ochemerera amati Fury ali ndi chibwano cholimba. Madokotala amaona zina. Ubongo suzolowera kumenyedwa, ndipo munthu amene ubongo wake unagwedezekapo amakhala pachiopsezo chachikulu chogwedezekanso. Kudzuka kulikonse kumatanthauza kulandira zibakera zina. Kale mu 1928, dokotala wa ku America Harrison Martland analemba za ankhonya akale amene ankayenda dzandidzandi ndi kulankhula ngati aledzera. Lero matenda a ubongo obwera chifukwa chomenyedwa mobwerezabwereza amatchedwa CTE, ndipo amatsimikizika pokhapokha ubongo ukapimidwa munthu atamwalira. N'chifukwa chake bungwe la British Boxing Board of Control limafuna kuti wankhonya aliyense ajambulidwe ubongo chaka ndi chaka, ndipo amene wagonekedwa amaletsedwa kumenya kwa masabata angapo.

Zaka nazo zimawerengedwa

Fury anabadwa mu 1988, Joshua mu 1989. Pa msinkhu umenewu mphamvu ya chibakera imachedwa kutha: George Foreman anagoneka Michael Moorer mu 1994 ali ndi zaka 45. Chimene chimayamba kuchepa ndi changu choona chibakera n'kuchizinda, komanso kuchira msanga. Izi zikhoza kupweteka kwambiri Fury, chifukwa luso lake lagona pa kuwerenga mnzake, kupendeketsa mutu ndi kusintha kaimidwe.

Tikaphatikiza zonsezi, nkhonya ikatalika mwayi ukupendekera kwa Fury. Ngakhale ali ndi thupi lalikulu, amadziwa kusunga mpweya, ndipo amakonda kutsamira mnzake ndi thupi lake lonse mpaka miyendo italema. Mwayi wa Joshua uli m'maraundi oyambirira, dzanja lake lamanja lisanalemere, monga anachitira pogoneka Ngannou mu raundi 2 mu Malichi 2024, munthu yemwe Fury anavutika naye maraundi khumi.

Komabe kulosera za heavyweight n'kovuta kuposa magulu ena onse. Ku Tokyo mu 1990 obetcha ankaona Buster Douglas ngati wongoperekeza, koma anagoneka Mike Tyson mu raundi 10. Wofuna kulosera mwanzeru afunse mafunso atatu: ndani amapuma bwino pofika raundi 8, ndani walandira zibakera zochuluka kumutu pa nkhonya zake zaposachedwa, ndipo ndani akuonabe chibakera chisanafike. Funso lachiwirili ndi limene dokotala amafunsa asanalole aliyense wa iwo kuvala magolovesi.