Mwana akatuluka ziwengo, musathamangire kumumana mazira ndi nsinjiro

Mwana akatuluka ziwengo, makolo ambiri amayamba ndi kukayikira mbale. Dzira amalichotsa, mkaka amausiya, phala amaleka kutendera. Mantha awo ndi omveka, chifukwa zakudya zina zimadanadi ndi matupi a ana ena, ndipo zimatha kupha. Koma kumana mwana chakudya mongoganizira kumapweteka kuposa mmene kumathandizira, ndipo nthawi zambiri chofuna chisamaliro ndi khungu lenilenilo.

Pali mavuto awiri amene anthu amawasokoneza. Loyamba limabwera mwachangu, pasanathe maola awiri mwana atadya, kawirikawiri m'mphindi zochepa. Chitetezo cha m'thupi chimayesa chakudyacho mdani n'kutulutsa mankhwala otchedwa histamine, ndiye pakhungu pamatuluka zotupatupa zoyabwa ngati mwana wakhudza chitedze. Zimazimiririka apa n'kutulukira pena, milomo ndi zikope zimatha kutupa. Apa cetirizine amathandiza, pa mlingo umene achipatala anena. Piriton amagwiranso ntchito, koma amagonetsa, ndipo tuloto tingabise kuti mwana akufooka. Akayamba kubanika, kusasa mawu, kusanza mobwerezabwereza kapena kulefuka, mankhwala akumwa sakwanira: akufunika jakisoni wa adrenaline pantchafu, ndipo muthamangire naye kuchipatala nthawi yomweyo. Chakudya chimene chachititsa zotere chisiyidwe ndithu mpaka dokotala atamuona.

Lachiwiri ndi eczema, ndipo pamenepa ndi pamene ana amamanidwa zakudya popanda chifukwa. Khungu limauma, limatuwa ndi kuthetheka, makamaka m'masaya mwa khanda, ndipo mwana akakulako, mopindikira zigongono ndi kuseri kwa maondo. Pakhungu lakuda sipafiira kwenikweni; pamada kapena kutuwa. Gwero lake ndi khungu losatha kusunga madzi, lomwe limalowetsa zinthu zakunja mosavuta. Akatswiri ambiri tsopano akuti eczema ndiyo imatsegulira njira kudana ndi chakudya: tinyenyeswa ta mtedza kapena dzira tikalowera pakhungu long'ambika, thupi limaphunzira kulimbana nato, pomwe chakudya chomwecho chikalowera pakamwa thupi limachizolowera. N'chifukwa chake chithandizo chimayambira pakhungu. Musambitseni ndi madzi ofunda pang'ono, sopo wonunkhira mumusiye, ndipo akangotuluka m'madzi mudzozeni Vaseline wambiri khungu lisanaumiretu. Zikhadabo zikhale zowengedwa. Pamene pakwiya pamafunika hydrocortisone wolembedwa ndi achipatala. Mafuta oyeretsa khungu a pamsika asayandikire mwana, chifukwa ambiri ali ndi mankhwala amphamvu opepukitsa khungu.

Umboni wamphamvu woti kumana mwana chakudya sikumuteteza unachokera ku London mu 2015. Pa kafukufuku wa LEAP, Gideon Lack ndi anzake anatenga makanda 640 a miyezi 4 mpaka 11, omwe anali ndi eczema yoopsa kapena ankadana kale ndi mazira. Ena ankawadyetsa zakudya za mtedza pafupipafupi, ena anawaletsa. Atafika zaka zisanu, odya mtedza aja chiopsezo chawo chodana nawo chinali chotsika ndi pafupifupi 80 peresenti. Kumana kumene makolo amayesa chitetezo kunapezeka kuti ndiko kukukulitsa vutolo.

Wina anganene kuti anaona ndi maso ake khungu likuipa mwana atadya dzira. N'zotheka, ndipo mwa ana a eczema yoopsa kudana ndi zakudya kumapezekadi kwambiri. Komabe eczema imabwera n'kupita yokha. Thukuta, fumbi, sopo ndi chisanu cha mwezi wa June zimaidzutsa, ndipo diso la kholo lodandaula limagwera pa chakudya chomaliza. Nthawi zina si eczema n'komwe, koma mphere, makamaka ngati nyumba yonse ikukanda usiku. Wina angati zipatala zathu zambiri siziyeza ziwengo za zakudya. Ngakhale kumene amayeza, zotsatira zimatha kuloza chakudya chimene mwana amadya bwinobwino. Dokotala amadalira kwambiri mbiri: anadya chiyani, panapita mphindi zingati, zinabwerezanso atadyanso chomwecho? Kholo lolemba zimenezi ndi kujambula khungulo pafoni lamuthandiza kwambiri.

Ku Malawi kumana mwana chakudya si nkhani yopepuka. Kafukufuku wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu anali opinimbira. Nsinjiro, mazira, soya ndi usipa ndizo zomanga thupi zimene banja wamba lingakwanitse, ndipo chiponde chochiza ana onyentchera ndi cha mtedza ndi mkaka womwewo. Choncho mwana akakwana miyezi isanu ndi umodzi ayambe kulawa zimenezi chimodzichimodzi, masana, wamkulu akumuyang'anira: dzira lopsa bwino, nsinjiro zosefa m'phala, osati mtedza wathunthu umene ungamutsamwitse. Wa eczema yoopsa kapena amene anadanapo kale ndi chakudya ndiye ayambe waonedwa ndi achipatala asanalawe, ndipo amene analetsedwa kale mkaka kapena mazira azikaonedwanso, chifukwa ana ambiri amasiya kudana nazo akamakula.