NGOLO IMENE INASOWA WOGULA KWAO

M'caka ca 1821, pa cionetsero ca bungwe la Royal Academy mu mzinda wa London, panapacikidwa cithunzi cacikulu cojambulidwa ndi utoto. Cinaonetsa ngolo ya akavalo ili m'madzi a mtsinje wa Stour, kanyumba ka mlimi pambali, ndi galu pagombe. Wocijambula anali John Constable, mwana wa mwini cigayo wa ku Suffolk, m'dziko la England. Cionetsero cinatha, koma cithunzico, cimene lero cichedwa The Hay Wain, cinasowa wogula.

Kodi cinalakwika nciani? Masiku amenewo olemera anali kukonda zithunzi za mbiri yakale ndi za mapiri a ku Italy, zosalala bwino. Constable anali kujambula minda, zigayo ndi mitambo ya kwao, zinthu zimene mlimi aona tsiku ndi tsiku. Olemba m'manyuzipepa ena anayamikira kuti mitengo ndi madzi ake zinali zoona, koma kawiri-kawiri anadandaula kuti utoto wake unali wokhakhala, monga nchito yosiyidwa panjira. M'zaka zotsatira iye anaonjeza timadontho toyera toonetsa kunyezimira kwa mame ndi madzi, ndipo onyoza anaticha "matalala a Constable". Komatu aliyense amene analawirira kumunda mvula itagwa usiku adziwa kuti masamba anyezimiradi motero. Ife tiona ngati oweruzawo anazolowera kuyang'ana zithunzi koposa kuyang'ana minda.

Ulemu unacokera kutsidya la nyanja. Wamalonda wina wa ku Paris, John Arrowsmith, anagula cithunzico, ndipo mu 1824 cinaonetsedwa mu mzindawo. Akatswiri acinyamata a ku France, monga Eugène Delacroix, anazizwa naco, ndipo Mfumu Charles X inapatsa Constable mendulo ya golide. Mwini wake sanapiteko. Kufikira imfa yake mu 1837 sanapondepo kunja kwa dziko lake.

Kwao anacedwa naye. Anamsankha kukhala membala wokwanira wa Royal Academy mu February 1829, ali ndi zaka 52, patangopita miyezi itatu mkazi wake Maria atamwalira. Ngakhale pamenepo mtsogoleri wa bungwelo, Sir Thomas Lawrence, anamuuza kuti anacita mwayi kusankhidwa pamene panali ena ojambula za mbiri yakale.

Cithunzi ca ngolo cija cinabwerera ku England, ndipo mu 1886 Henry Vaughan anacipereka ku National Gallery ya ku London, kumene cisungidwa kufikira lero.