KUONDA SI MATENDA NTHAWI ZONSE

Wolemba Mtolankhani Wathu, Chipata

Kuno kwathu munthu akanenepa timati akudya bwino. Mai wonenepa timati mwamuna wace amsunga bwino, ndipo bambo wa mimba yaikulu timampatsa mpando wa patsogolo pa msonkhano. Koma masiku ano m'midzi yozungulira Madzimoyo, monganso m'makomboni a m'Chipata, muli anthu amene adokotala awauza kuti acepetse thupi cifukwa ca matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Amene amvera malangizowo napungula makilo ambiri apeza kuti nchito yaikulu imayamba thupi litatsika kale.

Vutoli si la anthu owerengeka. Kafukufuku amene Unduna wa za Umoyo unacita pamodzi ndi bungwe la World Health Organization mu 2017 anaonetsa kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa anai alionse m'Zambia anali ndi thupi lopitirira muyeso, ndipo azimai ndiwo anali ambiri. Pafupifupi mmodzi mwa asanu anali ndi magazi othamanga.

Zifukwa zace n'zoonekeratu. Pamene mishoni ya Madzimoyo inatsegulidwa mu 1903, munthu anali kuyenda pansi ulendo ulionse, ndipo mai anali kusinja cimanga mu mtondo. Pambuyo pace Chipata inachuka ndi njinga zopalasa. Lero cigayo calowa m'malo mwa mtondo, njinga zamoto zikunyamula anthu mpaka pakhomo, ndipo vitumbuwa, zakumwa za shuga ndi mafuta ophikira zikupezeka pa kantemba kalikonse.

MANONG'ONONG'O A PAMUDZI

Cinthu coyamba cimene munthu woonda amakumana naco ndi maso a anzace. Matenda a Edzi anadziwika m'dziko muno mu 1984, ndipo anthu anawacha kaliondeonde cifukwa ca mmene anali kumalizira thupi. Mu 1987 Mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, Dr Kenneth Kaunda, anauza dziko lonse poyera kuti mwana wao wamwamuna anamwalira ndi matendawo. Kuyambira mu 2005 mankhwala otalikitsa moyo amaperekedwa kwaulere m'zipatala za Boma, ndipo ambiri amene akumwa mankhwalawo ali ndi matupi abwino. Ngakhale zili conco, mantha a zaka zija sanacoke m'mitima.

Cotero mai amene wapungula makilo khumi cifukwa ca shuga amapeza anzace akutsitsa mau iye akafika pa citsime. Apongozi amafunsa ngati pabanja pali njala. Ena amati walodzedwa. Pali ena amene amabwerera ku kadyedwe kakale kuti angotseka pakamwa pa anthu, ndipo shuga imakweranso. Apa ndi pamene miseche ya pamudzi isanduka ngozi yeniyeni.

Tinene momveka kuti kuonda kuli pawiri. Kuonda kumene munthu wakufuna yekha, motsatira malangizo a cipatala, n'kwabwino. Koma kuonda kobwera kokha, makamaka ngati pali cifuwa cosatha, kutuluka thukuta usiku, ludzu losatha kapena kukodza kawirikawiri, kungakhale cizindikiro ca cifuwa cacikulu ca TB, shuga, kacilombo ka HIV kapena khansa. Wotere apite msanga ku kiliniki ya pafupi kapena ku Chipata Central Hospital akapimidwe.

ZOSINTHA M'THUPI

Zabwino za kucepetsa thupi zimaoneka msanga. Maondo ndi msana zimapepuka, mpweya umakwanira pokwera citunda, tulo timabwera bwino, ndipo khasu limagwirika mpaka dzuwa litakwera. Adokotala amati ngakhale kupungula makilo 5 mpaka 10 pa makilo 100 alionse kumathandiza kutsitsa shuga ndi kuthamanga kwa magazi.

Ku Britain, kafukufuku amene zotsatira zace zinalengezedwa mu 2017 anapeza kuti pafupifupi theka la odwala shuga ya akuluakulu amene anacepetsa thupi moyang'aniridwa ndi acipatala anakhala ndi shuga yabwino popanda mankhwala patatha caka cimodzi. Mwa amene anapungula makilo 15 kapena kuposa, 86 pa 100 alionse anapeza mwai umenewo. Koma ici sicitanthauza kuti munthu asiye mankhwala yekha. Thupi likatsika, mlingo wakale wa mankhwala ungatsitse shuga kapena magazi mopitirira, munthu n'kucita cizungulire kapena kukomoka kumunda. Wosintha mlingo ndi dokotala yekha.

Palinso zobvuta zimene ambiri saziyembekezera. Khungu la pamimba ndi m'mikono limatha kulendewera, makamaka kwa acikulire. Munthu amamva kuzizira kwambiri m'miyezi ya June ndi July. Zobvala zonse zimafuna telala. Ndipo njala siitha: akatswiri a ku Melbourne, m'dziko la Australia, anaonetsa mu 2011 kuti ngakhale patapita caka munthu ataonda, thupi limapitiriza kumuutsira njala kuposa kale. Thupi locepa limafunanso cakudya cocepa. Ndico cifukwa cace ambiri amanenepanso. Si ulesi kapena umbombo ai, ndi mmene thupi limagwirira nchito.

MBALE YA PABANJA

Kwathu kukana nsima ya mnzako ndi mwano. Pa ukwati, pa maliro, pa misonkhano ya mpingo, ngakhale pa mwambo wa Nc'wala ku Mtenguleni m'mwezi wa February, mlendo amayembekezeredwa kumaliza mbale. Munthu amene wacepetsa thupi ayenera kuphunzira kulandira mwaulemu, kudya mtanda umodzi m'malo mwa itatu, ndi kufotokoza cifukwa cace mosacita manyazi.

Cakudya coyenera sicifuna ndalama zambiri. Nsima ya mgaiwa imakhutitsa nthawi yaitali kuposa ya ufa woyera. Ciwawa, bondwe, kalembula, therere, nyemba ndi kapenta zili m'madimba ndi m'misika yathu. Nsinjiro n'zabwino, koma zili ndi mafuta ambiri, cotero zithiridwe mwa muyeso. Shuga wa mu tiyi ndi mu thobwa acepe, mowa ucepe, ndipo mcere usapitirire magalamu 5 pa tsiku, ndiko kuti kasupuni kamodzi kakang'ono. Acipatala amalangizanso kuyenda ndawala kapena kupalasa njinga mphindi zosacepera 150 pa mlungu, makamaka m'cilimwe pamene nchito ya kumunda yacepa.

Mutu umodzi susenza denga. Ngati banja lonse likudyera mphika umodzi, n'kobvuta kuti mmodzi yekha asinthe. Mwamuna amene mkazi wace waonda pa malangizo a dokotala ayenera kukhala woyamba kumteteza kwa acibale. Nayenso mkazi asaone ngati mwamuna wanyoza kuphika kwace pamene wasiya mtanda m'mbale.

Mafumu, akulu a mpingo ndi alangizi a za umoyo m'midzi ali ndi mbali yao. Iwo ndiwo angathetse miseche pa bwalo ndi kukumbutsa anthu kuti umoyo wa munthu suyesedwa ndi kukula kwa mimba, koma ndi sikelo ndi zipangizo za ku cipatala. Amene mwacepetsa thupi, pitirizani kukapimitsa shuga, magazi ndi kulemera kwanu pa masiku amene acipatala akupatsani. Ndipo ife otsala, tikaona mnzathu waonda, timfunse za umoyo wace pamaso, osati kumbali.