Kodi Majaji Azisankhidwa ndi Voti?

Ife Amalawi timasankha Mtsogoleri wa dziko, aphungu a Nyumba ya Malamulo ndi makhansala poponya voti. Koma majaji amene amakhala pa Khoti Lalikulu ku Chichiri, pafupi pomwepa ndi Mandala, sitinawavoterepo. Ena mwa ife amaona ngati pamenepa demokalase yathu ndi yoperewera, ndipo amafunsa kuti: ngati mphamvu zonse zimachokera kwa anthu, bwanji osatilola kusankhanso oweruza milandu? Funsoli ndi lanzeru. Tisanayankhe, tiyeni tione mmene zimakhalira kumene anthu amavotera majaji.

Kumene majaji amachita kampeni

Dziko la United States of America lili ndi zigawo 50, ndipo chigawo chilichonse chili ndi khoti lake lalikulu. M'zigawo zambiri majaji a makhoti amenewa amadutsa pa chisankho. Tonse tikudziwa kuti kampeni imadya ndalama. Munthu wofuna ujaji amayenera kulipira mauthenga a pa wailesi ndi pa kanema, ndipo ndalamazo zimachokera kwa maloya, makampani ndi anthu olemera, omwe mawa lake adzaima pamaso pake ndi milandu yawo.

M'chaka cha 2002, khoti lina m'chigawo cha West Virginia linalamula kampani ya malasha ya Massey kuti ilipire madola 50 miliyoni kwa a Hugh Caperton, amene bizinesi yawo ya mgodi inagwa chifukwa cha zochita za kampaniyo. A Massey anakonzeka kuchita apilo. Mlandu usanafike ku khoti lalikulu la chigawocho, kunachitika chisankho cha jaji mu 2004. Mkulu wa kampaniyo, a Don Blankenship, anawononga madola pafupifupi 3 miliyoni pothandiza loya wina, a Brent Benjamin, kuti apambane. Anapambanadi. Apilo itafika, a Caperton anapempha kuti jaji watsopanoyu achoke pa mlanduwo, koma iye anakana. Majaji atatu anagamula mokomera kampani, awiri anatsutsa, ndipo mmodzi mwa atatuwo anali a Benjamin. Mu 2009 khoti lalikulu la dziko lonse la America linanena kuti a Benjamin anayenera kuchoka pa mlanduwo.

Tizindikire chinthu chimodzi: palibe amene anapezeka ndi mlandu wa ziphuphu pa nkhaniyi. Ndalamazo zinagwiritsidwa ntchito poyera, motsata malamulo a kumeneko. Apa ndiye pali vuto. Makolo athu anati kupatsa nkuika. Amene wakuthandiza kukwera pampando amayembekeza kuti tsiku lina udzamukumbukira, ndipo ngakhale jajiyo akhale woongoka mtima bwanji, munthu wosauka amene waluza mlandu sangakhulupirire kuti waluza mwachilungamo. Ndalama za zisankho zotere zakhala zikukwererakwerera. Mu 2025, chisankho cha mpando umodzi wokha wa jaji m'chigawo cha Wisconsin chinadya madola pafupifupi 100 miliyoni.

Nanga kwathu kuno?

Malamulo oyendetsera dziko lino a 1994 anasankha njira ina. Jaji Wamkulu amasankhidwa ndi Mtsogoleri wa dziko, koma ayenera kuvomerezedwa ndi aphungu awiri mwa atatu alionse amene alipo ndipo akuvota. Majaji ena amasankhidwa ndi Mtsogoleri wa dziko potsata maina amene bungwe la Judicial Service Commission lapereka. Jaji akakhala pampando sangachotsedwe chifukwa chakuti chigamulo chake sichinakondweretse akuluakulu. Malamulo amalola kumuchotsa pokhapokha ngati akulephera ntchito kapena wachita zosayenera.

Amene analemba malamulowa ankakumbukira kumene tachokera. M'nthawi ya chipani chimodzi, milandu ikuluikulu inkapita ku makhoti otchedwa Traditional Court, kumene woimbidwa mlandu sankaloledwa kukhala ndi loya. Khoti lotere, lomwe linkakhala ku Soche mu Blantyre muno, ndi limene linagamula mu 1983 kuti a Orton Chirwa ndi mai Vera Chirwa aphedwe. Chilangocho chinasinthidwa kukhala ukaidi wa moyo wonse, ndipo a Orton Chirwa anamwalira m'ndende ya Zomba mu 1992, chaka chomwe Maepiskopi athu analemba kalata ya mu Lenti yodandaula, mwa zina, za anthu otsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu.

Tisadzinamize kuti popeza sitivotera majaji ndiye kuti ndale ndi ndalama sizifika pakhomo pawo. Mu 2001 aphungu anavomereza pempho lochotsa majaji atatu a Khoti Lalikulu, koma anthu ambiri m'dziko muno ndi kunja anadzudzula, ndipo majajiwo sanachotsedwe. Mu 2020 boma linayesa kutumiza Jaji Wamkulu, a Andrew Nyirenda, ku tchuthi chodikira kupuma pantchito, kutatsala masiku ochepa kuti chisankho chachibwereza chichitike. Khoti linaletsa.

Nkhani imene tiyenera kuikumbukira kwambiri ndi ya mlandu wa chisankho cha pa 21 May 2019, chija chinatchuka ndi Tippex. Mlanduwu unamvedwa ndi majaji asanu: a Healey Potani, mai Ivy Kamanga, a Redson Kapindu, a Dingiswayo Madise ndi a Mike Tembo. Chigamulo chisanaperekedwe, Jaji Wamkulu anakadandaula ku bungwe lolimbana ndi katangale la ACB kuti pali anthu amene akufuna kupereka ziphuphu kwa majajiwo. Mu January 2020 ACB inamanga a Thomson Mpinganjira, amene anayambitsa banki ya FDH. Mu 2021 Khoti Lalikulu linawapeza olakwa ndi kuwagamula zaka 9, ndipo iwo anachita apilo. Majaji asanu aja anathetsa zotsatira za chisankho cha Mtsogoleri wa dziko pa 3 February 2020, ndipo tinavotanso pa 23 June chaka chomwecho.

Tsopano tiyerekeze kuti majaji asanuwo anali atakwera pampando ndi ndalama za kampeni zochokera kwa eni mabanki, kapena kwa zipani zomwe zinali m'khotimo. Kodi akanatha kukana? Ndipo akanakana, kodi mbali yoluza ikanavomera chigamulo chawo? Pansi pa malamulo athu, ndalama yopita kwa jaji ndi chiphuphu basi, ndipo woperekayo akhoza kumangidwa. Kumene majaji amachita kampeni, ndalama yomweyo imatchedwa thandizo. Malembo Oyera, pa Eksodo 23:8 ndi Deuteronomo 16:19, amaletsa oweruza kulandira mphatso zotere chifukwa zimatseka maso a munthu amene amaona bwinobwino.

Khomo limene latsala lotsekuka

Popeza amene amasankha majaji ndi Mtsogoleri wa dziko, ndipo iye amafika pampando kudzera m'chipani, ndalama zimene zipani zimalandira zimatikhudza pa nkhani ya makhoti. Lamulo la zipani la 2018 limaletsa kugawa ndalama ndi katundu pofuna kukopa ovota. Limalamulanso zipani kuulula thandizo lochokera kwa munthu mmodzi likafika K1 miliyoni, ndi lochokera ku kampani kapena bungwe likafika K2 miliyoni. Lamulo ndi labwino, koma ambiri a ife sitidziwa amene amalipira galimoto, nsalu ndi malaya a pa misonkhano ya ndale. Tili ndi ufulu wofunsa phungu wathu, kapena aliyense wofuna voti yathu, kuti ndalama zake akuzitenga kuti.

Milandu ya ambiri a ife sifika kwa majaji a ku Chichiri. Imathera kwa majisitireti ku Limbe, ku Blantyre kapena ku Midima: mlandu wa poloti, wa chuma cha masiye, wa mwana amene ali m'chitokosi. Wina akatiuza kuti "tipezeko kangachepe ka bwana" kuti fayilo ipezeke kapena mlandu uyende msanga, tisapereke. Ndalama iliyonse yolipira kukhoti, monga chindapusa kapena belo, ili ndi lisiti ya boma, ndipo tiyenera kuiitanitsa. Dandaulo tikhoza kukalipereka ku ofesi ya ACB mu Blantyre muno, ndipo amene akuopa kupita yekha ayambe wauza a komiti ya Chilungamo ndi Mtendere ya pa parishi pake kuti amuperekeze.