Kamphete pa Mwendo wa Namzeze

Mvula ikayandikira, anamzeze ocokera ku Ulaya amafika m'madambo a Katete, Sinda ndi Vubwi. Mwa apo ndi apo mupezeka wobvala kamphete kacitsulo kumwendo. Si cithumwa ai. Akatswiri a mbalame amachera ukonde wopyapyala m'mabango momwe anamzeze agona. Akakodwa mmodzi, amampima mapiko ndi mcira kuti adziwe mtundu ndi msinkhu wace, nambveka mphete yanambala, namuulutsa. Nzeru ya mpheteyi anaiyamba Hans Mortensen, mphunzitsi wa ku Denmark, mu 1899.

Nambalayo ndiyo iulula kumene mbalame yacokera. Tsono inu makolo, mwana akagwira yotere paulimbo, lembani nambala, tsiku ndi mudzi, muimasule, ndipo mudziwitse a BirdWatch Zambia ku Lusaka.