Siponji kapena comb jelly: inayamba kupatuka ndi iti?

Kwa zaka zambiri mabuku a sayansi ankaphunzitsa kuti pa nyama zonse, makolo a siponji ndi amene anayamba kupatukana ndi anzawo. Zinkamveka ndithu, chifukwa siponji ilibe minofu kapena mitsempha yotumiza mauthenga m'thupi, imangomatirira pamwala n'kumasefa madzi. Koma umboni watsopano ukuloza kwina, ku tinyama ta m'nyanja zamchere totchedwa comb jelly, ndipo umboniwo ndi wovuta kuukankhira pambali.

Tinyamati ndi tofewa, toonekera mkati, ndipo mitundu yake yodziwika siipitirira 200. Tambiri timasambira pogwedeza mizere 8 ya ticheya tolumikizana ngati mano a chipeso, ndipo kuwala kukagunda ticheyato pamaoneka mitundu ya utawaleza. Kale tinkaikidwa m'gulu limodzi ndi jellyfish, koma ito sitibaya ndi ululu, tambiri timakola chakudya ndi maselo omata. Minofu tili nayo, mitsempha tili nayo. N'chifukwa chake mu 2008, Casey Dunn ndi anzake atalemba m'magazini ya Nature kuti majini akusonyeza kuti comb jelly ndi imene inayamba kupatuka, akatswiri ambiri anapukusa mitu.

Otsutsawo anali ndi mfundo yomveka. Majini a comb jelly anasintha kwambiri pakupita kwa nthawi, ndipo kompyuta ikamawerengera chibale, nyama yotere imatha kuiponya kutali ndi abale ake enieni. Yankho lamphamvu linabwera mu 2023, pamene Darrin Schultz ndi anzake anafufuza chinthu china: ndi majini ati amene amakhala pamodzi pa chromosome imodzi? Ma chromosome awiri akalumikizana, majini ake n'kusakanikirana, sabwereranso mwakale. Anapeza kuti siponji, jellyfish ndi nyama zina zonse zili ndi kusakanikirana kofanana, pomwe comb jelly ikusungabe dongosolo lakale lopezekanso mu tizamoyo ta selo limodzi tomwe ndi abale apafupi a nyama. Chinyengo cha kompyuta chija pano chilibe polowera.

Funso lina n'lakuti: zingatheke bwanji kuti nyama ya mitsempha ipatuke isanapatuke yopanda mitsempha? Mwina makolo a siponji anali nayo n'kuitaya, popeza wongokhala pamwala saifuna kwenikweni, kapena mitsempha inayamba kawiri paokhapaokha. Ganizo lachiwirili lili ndi poimira. Mu 2014 gulu la Leonid Moroz linaonetsa kuti comb jelly yotchedwa Pleurobrachia sidalira serotonin ndi dopamine, zomwe mitsempha yathu imagwiritsa ntchito, ndipo mu 2023 gulu la Pawel Burkhardt ku Bergen linapeza kuti ukonde wa mitsempha ya pansi pa khungu la comb jelly ina yotchedwa Mnemiopsis ndi wolumikizana wonse, wopanda timipata todumphirapo mauthenga.

Tisaganize kuti kholo la nyama zonse linkaoneka ngati comb jelly ya lero. Nayonso yakhala ikusintha: zotsalira zake za m'miyala ya Burgess Shale ku Canada, za zaka zoposa 500 miliyoni, zili ndi mizere kuyambira 24 mpaka 80, osati 8. Kuphweka kwa thupi si umboni wa ukale. Mkangano ukadalipo, koma amene akuikira kumbuyo siponji ndiye ali ndi ntchito yofotokoza za ma chromosome aja.