KABZALIDWE KA SANSEVIERIA PAKHOMO

Acikumbi ambiri afuna kukometsa pakhomo pao, koma m'cilimwe madzi othirira maluwa amasowa. Cifukwa ca ici tifuna kukufotokozerani za comera cochedwa Sansevieria, cimene anthu amacikonda cifukwa ca masamba ace. Kwao kwa comeraci ndi kumadzulo kwa Africa, kuyambira ku Nigeria kufikira ku Congo. Masamba ace ngokhuthala, osongoka ngati lupanga, ndipo amaima ciriri kutalika mapazi awiri kapena atatu. M'caka ca 2017 akatswiri a zomera anacilowetsa m'gulu la Dracaena, koma anthu ambiri akali kuchula dzina lakale.

Comeraci ciri ndi tsinde lonenepa loyenda pansi pa nthaka, limene limatulutsa ana monga icitira nthoci, mpaka phata lace likula. Cimasunga madzi m'masamba ndi m'tsindemo, motero cimapirira cilala. Mdani wace wamkulu ndiye cinyontho cambiri: madzi akamaima pa malopo, tsinde limaola. Tsono sankhani dothi la mcenga, muunde mtumbira, padzuwa kapena pamthunzi wopepuka.

Nthawi yabwino yogawa phata ndi poyamba pa mvula, mu November kapena December. Kumbani phata lonse ndi khasu, ndipo mudule tsinde ndi mpeni wakuthwa, kuti cigawo ciri conse cikhale ndi mizu ndi masamba ace. Zigawozo muzisiye pamthunzi tsiku limodzi kapena masiku awiri kuti mabala aume. Pobzala zitalikirane phazi limodzi, ndipo musazizike kupitirira m'mene zinaliri kale.

Apa tikucenjezeni. Ulipo mtundu wokongola kopambana wochedwa Laurentii, umene masamba ace ali ndi mkawo wacikasu m'mphepete. Ena amaduladula tsamba nazika zidutswazo m'nthaka. Zimamera ndithu, koma patapita miyezi yambiri mwini munda amapeza kuti ana onse ngobiriwira okhaokha. Cifukwa cace ndi ici: mphukira yocokera ku cidutswa ca tsamba imabadwira m'kati mwace, m'mene muli mobiriwira, ndipo siitenga cikasu ca m'mphepete. Wofuna kusunga mkawowo ayenera kugawa phata, palibenso njira yina.

Mukamagawa phata zaka zitatu ziri zonse, mudzapeza mbeu yokwanira kuzungulira bwalo lanu lonse, ndi yinanso yopatsako anansi anu.